Chilolezo Chimapemphedwa Mpeni Usanakhudze Thupi

Amayi anzanga, mwazolowera kuti pa tsamba lino ndimakulemberani za sikelo, katemera ndi kuthamanga kwa magazi. Lero ndikutengerani kutali, ku Canada, m'chigawo cha British Columbia, kumene anthu akukangana ngati lamulo loteteza ufulu wa eni nthaka liyenera kukhalapo kapena kuchotsedwa. Amene wandiyambitsa nkhaniyi ndi mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa unamwino ndi uzamba zaka zapitazo, ndipo tsopano akugwira ntchito m'chipatala china kumeneko. Anandifotokozera pa WhatsApp momwe anzake amatsutsirana pa nthawi ya tiyi. Ena akuti lamulolo lapatsa matama anthu otseka misewu ndi njanji, choncho lichotsedwe ndipo apolisi aziwakhaulitsa. Ena akukana. Pomaliza anandifunsa kuti, "Amayi, inuyo mukanakhala kuno mukanaima mbali iti?"

Ndalisinkhasinkha funsoli kwa milungu ingapo. Yankho langa ndi lakuti lamulolo lisachotsedwe. Koma ndiyambe ndakuuzani chifukwa chimene yankho limeneli silinandibwerere msanga.

Usiku umene ambulansi inachedwa

Chaka china, m'nyengo ya zionetsero kuno kwathu, ndinali pa ntchito ya usiku ku leba. Anatiimbira foni kuchokera ku chipatala chaching'ono kuti akutitumizira mayi amene mwana wakakamira m'njira. Ulendo wa mphindi 40 unatenga maola oposa awiri, chifukwa pamsewu panali miyala ndi mateyala oyaka, ndipo dalaivala anachita kuzungulira njira ya fumbi. Atafika tinathamangira naye ku thiyeta. Mayiyo anapulumuka, koma mwana anatuluka atatisiya kale. Ndine amene ndinakulunga kathupi kake m'chitenje chatsopano chimene agogo ake anagula kuti adzaberekere mdzukulu. Chiyambire usiku umenewo, ndikangomva kuti anthu atseka msewu, mtima umandiwawa ndisanafunse n'komwe chimene akudandaula.

Choncho dziwani kuti amene akukulemberaniyu amaudziwa mtengo wa msewu wotsekedwa. Koma ntchito yomweyi inandiphunzitsanso kuti mwana akatentha thupi sungomupatsa panado n'kumubweza kunyumba. Umayeza magazi kuti udziwe chimene chikutenthetsa thupilo. Tiyeni tiyeze magazi a nkhani ya ku British Columbia.

Eni nthakawo ndi ndani?

Azungu asanafike, dera limeneli linali ndi mitundu yambiri ya anthu, uliwonse ndi chilankhulo, mafumu ndi malire ake: a Haida, a Gitxsan, a Wet'suwet'en, a Tahltan, a Tsilhqot'in ndi ena. Lero m'chigawochi muli magulu oposa 200 otchedwa First Nations. M'Canada yense, kalembera wa 2021 anapeza eni nthaka pafupifupi 1.8 miliyoni, ndiye kuti anthu asanu pa 100 alionse.

M'madera ambiri a Canada, atsamunda anasainirana mapangano ndi mafumu, ngakhale kuti mapangano ambiri sanasungidwe. Ku British Columbia, mbali yaikulu ya nthaka inangotengedwa popanda pangano lililonse. Lamulo la 1876 lotchedwa Indian Act linaika moyo wonse wa eni nthaka m'manja mwa boma. Anthu anaunjikidwa m'timalo ting'onoting'ono, ndipo boma linakhazikitsa makhonsolo osankhidwa kuti aziyang'anira timaloto m'malo mwa mafumu a mwambo. Kuyambira 1885 mpaka 1951, phwando la mwambo lotchedwa potlatch, limene ankalongerapo mafumu ndi kuweruzirapo nkhani, linali loletsedwa. Kuyambira 1927 mpaka 1951, kusonkha ndalama zolipira loya pa mlandu wa malo popanda chilolezo cha boma kunali kuphwanya lamulo. Taganizani: akulanda munda, kenako akuletsa kukadandaula ku khoti.

Inu a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu simukufunika kuti ndikufotokozereni zambiri. Agogo athu anaidziwa thangata pansi pa ufumu womwewo wa Britain. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tinali ambiri, ndipo mu 1964 tinatenga boma. Iwo ndi ochepa m'dziko la makolo awo. Pa chisankho mavoti awo okha sangawateteze. Chimene chingawateteze ndi lamulo.

Mbali ya Mpingo wathu

Pali china chowawa chimene sitingachilumphe ife Akatolika. Kwa zaka zoposa 100, ana pafupifupi 150,000 a eni nthaka anachotsedwa kwa makolo awo n'kutumizidwa ku sukulu zogonera komweko, kumene ankaletsedwa kulankhula chilankhulo chawo. Boma ndilo linkapereka ndalama, mipingo ndiyo inkayendetsa, ndipo sukulu zambiri zinali m'manja mwa Akatolika. Ana ambiri anazunzidwa, ndipo masauzande anafera komweko. Pa sukulu ya Lejac, kumpoto kwa British Columbia, anyamata anayi anathawa pa 1 Januwale 1937 kuti abwerere kwawo, ndipo anapezeka atafa ndi chisanu pa nyanja ya Fraser imene inali itaundana.

Komiti ya choonadi ndi kuyanjanitsa anthu imene inafufuza nkhanizi inatulutsa mfundo 94 mu 2015. Imodzi inapempha Papa kuti apite ku Canada kukapepesa. Papa Francis anapitadi, ndipo pa 25 Julayi 2022 anapepesa ku Maskwacis m'chigawo cha Alberta. Mu Malichi 2023, Vatican inalengeza kuti ikukana chiphunzitso chakale chimene atsamunda ankadalira, chakuti mzungu akafika pa dziko la anthu ena ndiye kuti walitulukira ndipo ndi lake. Mfundo ina ya komiti ija inapempha maboma onse a mu Canada kuti atsatire chikalata cha United Nations cha ufulu wa eni nthaka. Lamulo limene likukanganiridwa lero linabadwa kuchokera pa pempho limeneli.

Lamulolo likuti chiyani?

Chikalata cha United Nations chinavomerezedwa pa 13 Seputembala 2007. Mayiko anayi okha ndi amene anavota mokana: Canada, Australia, New Zealand ndi United States. Pambuyo pake Canada inasintha maganizo. Mu Novembala 2019, British Columbia inakhala chigawo choyamba kukhazikitsa lamulo lotsatira chikalatacho, limene pachidule amalitcha DRIPA. Aphungu onse, a zipani zonse, anavomereza. Boma la dziko lonse linakhazikitsa lamulo lake lofanana nalo mu Juni 2021.

DRIPA imalamula boma la chigawo kuti likonze malamulo ake kuti agwirizane ndi chikalatacho, mokambirana ndi eni nthaka. Imalamulanso kuti pakhale ndondomeko ya ntchito ndi lipoti la chaka ndi chaka. Ndondomeko yoyamba inatuluka mu 2022 ndipo ili ndi ntchito 89. Lamuloli limalolanso boma kusainirana mapangano ndi mtundu wa eni nthaka kuti zinthu zina azigamula limodzi.

Mtima wa nkhani yonse uli pa mfundo imodzi ya m'chikalatacho: ntchito yaikulu, monga mgodi kapena paipi, isanayambe pa nthaka ya eni ake, boma likambirane nawo moona mtima kuti lipeze chilolezo chawo, choperekedwa mwaufulu, ntchito isanayambe, iwo atauzidwa zonse.

Nditawerenga mfundo imeneyi ndinaseka ndekha, chifukwa ndi phunziro limene ndimaphunzitsa ana a chaka choyamba ku koleji yathu. Mayi asanalowe ku thiyeta, timamufotokozera m'chilankhulo chimene akumva chimene tikufuna kuchita, ubwino wake, kuopsa kwake ndi njira zina zimene zilipo. Timamupatsa mpata wofunsa. Sitimuopseza. Akavomera, ndiye amasaina kapena kudinda chala pa fomu. Fomu yosainidwa opaleshoni itachitika kale ndi pepala lachabechabe. Fomu yosainidwa ndi mlamu wake, pamene mwini thupi ali maso ndipo akukana, ndi mlandu. Eni nthaka a ku Canada amaidziwa bwino nkhani imeneyi pa matupi awo: British Columbia inali ndi lamulo lolola kutseka anthu ena kuti asabereke kuyambira 1933 mpaka 1973, ndipo amayi a eni nthaka akhala akuchitira umboni, ngakhale zaka zaposachedwapa, kuti anatsekedwa m'zipatala popanda kuvomera kwenikweni.

Kodi pali namwino amene anganene kuti tichotse fomu ya chilolezo chifukwa imachedwetsa mzere? Imachedwetsadi. Koma tonse tikudziwa chimene chimachitika pamene palibe.

Paipi, mafumu ndi njanji

Tsopano tifike pa nkhani imene inatseketsa njanji. Kampani ya Coastal GasLink inafuna kuyala paipi ya gasi ya makilomita 670, kuchokera kumpoto chakum'mawa kwa chigawochi kukafika ku doko la Kitimat. Paipiyo inayenera kudutsa m'dziko la a Wet'suwet'en, lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 22,000, ndi kuwoloka mtsinje wa Wedzin Kwa umene anthuwo amamwa ndi kuphamo nsomba za salmon.

A Wet'suwet'en amafanana nafe pa chinthu chimodzi: mwana amatsata fuko la mayi ake. Ali ndi mafuko asanu ogawidwa m'nyumba 13, ndipo nyumba iliyonse ili ndi mfumu yake ndi dera lake loyang'anira. Mu 1984, mafumu amenewa pamodzi ndi a Gitxsan anakasuma ku khoti. Mlanduwo, wotchedwa Delgamuukw, unatha mu 1997, pamene khoti lalikulu kwambiri la Canada linanena kuti umwini wa eni nthaka sunafafanizidwe ndi boma la chigawo, ndiponso kuti mbiri yongosimbidwa pakamwa ndi umboni wovomerezeka. Khotilo linalimbikitsa mbali zonse kuti zikambirane. Zaka zoposa 20 zinadutsa nkhani ya malire ndi ulamuliro isanathetsedwe.

Kampani ija inasainirana mapangano ndi makhonsolo osankhidwa okwana 20 a m'njira ya paipiyo, kuphatikizapo makhonsolo asanu mwa asanu ndi limodzi a Wet'suwet'en. Ena mwa anthuwo, amayi audindo omwe, ankaifuna ntchitoyo kuti ana awo alembedwe ntchito. Koma mafumu a mwambo anakana, ponena kuti makhonsolo amalamulira timalo tating'ono tija basi, pamene dziko lonselo lili m'manja mwa nyumba 13. Anatchula njira ina yoti paipi idutse, kampani inaikana. Ndiye funso linali lomwe lija la ku thiyeta: kodi amene wasaina pa fomuyu ndiyedi mwini thupi?

Khoti linalamula kuti msewu wopita kumalo a ntchito utsegulidwe. Pa 7 Januwale 2019, apolisi onyamula mfuti anagwira anthu 14. Mu Febuluwale 2020 anabweranso n'kugwira anthu oposa 20. Mmodzi mwa iwo anali Freda Huson, mayi amene anatsogolera kumanga nyumba yochiritsira anthu ovulala mumtima m'nkhalango momwemo. Anamugwira ali pa mwambo, pafupi ndi madiresi ofiira amene anapachikidwa pokumbukira amayi ndi atsikana a eni nthaka amene anasowa kapena kuphedwa. Msewu waukulu wodutsa m'dera limenelo, pakati pa Prince George ndi Prince Rupert, anthu amautcha msewu wa misozi chifukwa cha amayi otere.

Zithunzi za kugwidwa kwawo zinakwiyitsa eni nthaka m'dziko lonse. A Mohawk a ku Tyendinaga, m'chigawo cha Ontario, makilomita masauzande kuchokera pamalopo, anamanga msasa pambali pa njanji yaikulu. Kampani ya CN inaimitsa sitima zake za katundu kum'mawa kwa dziko, ndipo Via Rail inaimitsa pafupifupi sitima zonse za anthu. Antchito oposa 1,000 anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Panali machenjezo akuti gasi wotenthetsera nyumba m'nyengo ya chisanu ndi klorini wothira m'madzi akumwa zikhoza kusowa. Apolisi anachotsa msasa wa ku Tyendinaga pa 24 Febuluwale.

Zimene ofuna kuchotsa lamulo akunena

Tiwamvetsere mwachilungamo. Pa chisankho cha Okutobala 2024, chipani cha Conservative cha m'chigawochi, motsogozedwa ndi John Rustad, chinalonjeza kuchotsa DRIPA, ndipo chinatsala pang'ono kupambana: chinapeza mipando 44, pamene chipani cholamula cha NDP chinapeza 47. Anthu ambiri ndithu ali ndi nkhawa.

Choyamba akuti lamuloli lalimbikitsa anthu kutseka misewu. Mbiri ikutsutsa zimenezi. Mu 1985, a Haida anatseka msewu wa odula mitengo pa chilumba cha Lyell, ndipo anthu 72 anagwidwa, oyamba kukhala agogo okalamba. Mu 1990 kunali mkangano wa ku Oka. Zonsezi zinachitika lamuloli kulibe. Ngakhale paipi ija inavomerezedwa DRIPA isanabadwe, ndipo John Horgan, amene ankatsogolera boma la chigawo nthawi imeneyo, ananena poyera kuti lamulo latsopanolo silibwerera m'mbuyo kukakhudza ntchito zovomerezedwa kale. Njanji zinatsekedwa pa ntchito imene lamulolo silinagwiritsidwe ntchito.

Chachiwiri akuti makampani akuopa kuika ndalama zawo, ndiponso anthu wamba akuopa kulandidwa nyumba. Mantha amenewa anakula mu Ogasiti 2025, khoti litagamula kuti a Cowichan ali ndi umwini pa malo ena mu mzinda wa Richmond. Munthu amene anagula nyumba ndi thukuta lake sitingamuseke akamada nkhawa. Koma chigamulo chimenecho chinatsamira pa gawo 35 la malamulo aakulu a dziko la Canada a 1982, limene limavomereza ufulu wa eni nthaka. Chigamulo cha 2004 chakuti boma liyenera kufunsa eni nthaka lisanapereke chilolezo cha ntchito, ndi cha 2014 chimene chinatsimikizira a Tsilhqot'in umwini wa dera lawo, nazonso zinachokera pamenepo. Aphungu a chigawo atachotsa DRIPA mawa, gawo 35 likhalapobe. Chimene chingachoke ndi mphasa yokhalapo pokambirana. Otsala ndi makhoti, ndipo tawaona kale mayendedwe ake: Delgamuukw inatenga zaka 13, mlandu wa Cowichan unamvedwa masiku oposa 500. Kodi wabizinesi angakonde kudikira zaka zimenezo?

Pamene mphasayo yagwiritsidwa ntchito, zipatso zaoneka. Mu 2022, boma ndi a Tahltan anasainirana pangano loyamba pansi pa DRIPA, lakuti mgodi wa Eskay Creek uunikidwe ndi mbali zonse ziwiri ndipo upite patsogolo ndi chilolezo cha a Tahltan. Mu 2024, boma linavomereza umwini wa a Haida pa zilumba za Haida Gwaii, ndipo panganolo linanena momveka kuti nyumba ndi malo a anthu wamba sizikhudzidwa. Chitetezo chimene eni nyumba akuchifuna chinapezeka pokambirana.

Chachitatu akuti m'dziko limodzi anthu onse akhale ndi ufulu wofanana, pasakhale mtundu wokhala ndi mphamvu yoletsa chitukuko cha onse. Mawuwa amamveka bwino m'khutu. Koma tiyerekeze kuti mlendo wamanga nyumba m'munda wa amayi anu popanda kupempha, wabereka ana ambiri kuposa inu, kenako akuti tivote kuti mundawu ndi wa yani. Kufanana kwa mtundu umenewo kumakomera amene wachuluka. Ndipo kupempha chilolezo sikutanthauza kuti yankho lidzakhala lokana nthawi zonse. Mwa amayi onse amene ndawafotokozera za opaleshoni pa zaka zoposa 30, amene anakana ndi owerengeka. Ambiri amangofuna kuuzidwa zoona ndi kulemekezedwa.

Sindikunena kuti lamuloli lilibe zofooka. Kumapeto kwa 2025, khoti la apilo la chigawochi linagamula kuti njira yolembetsera malo ofufuzapo miyala pa intaneti, eni nthaka osafunsidwa, ikusemphana ndi chikalata cha United Nations chimene DRIPA inachilandira. David Eby, mtsogoleri wa boma la chigawo, anati akufuna kusintha mawu ena a m'lamulolo. Ngati pali pofunika kukonza, akonze pamodzi ndi eni nthaka amene analemba nawo lamulolo. Kulisintha iwo ali kunja kwa chitseko kungakhale kubwereza tchimo lomwe lamulolo linabwera kudzathetsa.

Nanga msewu ukatsekedwa, boma litani?

Pali njira ziwiri zimene Canada yaziyesa. Ya mfuti inayesedwa ku Oka, m'chigawo cha Quebec, mu 1990, pamene tauni inafuna kukulitsa bwalo la gofu pa malo a Mohawk amene anali ndi manda. Apolisi atalowa mwamphamvu, wapolisi Marcel Lemay anaomberedwa n'kufa, asilikali anatumizidwa, ndipo mkanganowo unatenga masiku 78. Inayesedwanso ku Ipperwash, ku Ontario, mu 1995, pamene apolisi anapha Dudley George, munthu amene analibe mfuti, pa mkangano wa malo amene boma linatenga mu 1942 n'kulonjeza kuti lidzabweza nkhondo ikatha. Pamapeto pake bwalo la gofu silinakulitsidwe, ndipo boma linavomera kubweza malo a ku Ipperwash. Anthu awiri aja anafera nkhani zimene zikanatha pokambirana.

Mu 2020, chigawo cha Alberta chinakhazikitsa lamulo lolanga otseka njanji, misewu ndi mapaipi ndi chindapusa chofika madola 10,000 pa ulendo woyamba kapena miyezi isanu ndi umodzi kundende. Lamulo lotere likhoza kuchotsa anthu pa njanji, koma chimene chinawabweretsa pa njanjipo limachisiya chili chomwecho. Ndi panado uja.

Njira yachiwiri inaoneka kumapeto kwa Febuluwale 2020, pamene nduna za boma zinapita ku Smithers n'kukhala pansi ndi mafumu a Wet'suwet'en kwa masiku angapo. Mu Meyi chaka chomwecho anasaina chikalata chovomereza kuti umwini wa dziko lawo uli m'manja mwa nyumba za mwambo. Chikalatacho sichinathetse nkhani ya paipi. Paipiyo inamalizidwa, ndipo sitima yoyamba ya gasi inanyamuka ku Kitimat mu 2025, mafumu akukanabe. Koma funso langa ndi lakuti: zokambirana zimene zinatheka m'masiku ochepa njanji zitatsekedwa, zinalephereka bwanji pa zaka 22 chigamulire khoti? Boma limene limamva pokhapokha sitima zikaima likuphunzitsa anthu ake kuimitsa sitima.

Maganizo anga ndi akuti boma lifike msanga, anthu asanatole miyala. Litumize munthu wokhala ndi mphamvu yogamula, osati kalaliki wongolemba madandaulo. Apolisi ateteze moyo wa aliyense, wochita zionetsero ndi wogwira ntchito yemwe, ndipo mfuti ikhale kutali ndi anthu opanda zida.

Mawu anga kwa otseka misewu

Kwa iwonso ndili ndi mawu, ndipo sindiwafewetsa. Kukhala ndi dandaulo loona sikumupatsa munthu ufulu pa moyo wa mnzake. Ambulansi idutse. Galimoto ya mankhwala, ya magazi, ya okosijeni ndi ya ozimitsa moto idutse. Klorini wa madzi akumwa adutse. Mu Febuluwale 2022, anthu pafupifupi 20 obisa nkhope, ena atanyamula nkhwangwa, anaukira malo a ntchito a paipi ija usiku, kuopseza alonda ndi kuphwanya makina. Kaya anali ndani, zimenezo n'zoipa, ndipo zinapatsa adani a eni nthaka chonena. Agogo a ku Lyell anapambana mitima ya anthu chifukwa anaima pamsewu mwaulemu, atavala zovala za mwambo, n'kulola kugwidwa. Mu 1993 dera limenelo linayamba kuyendetsedwa ndi a Haida pamodzi ndi boma.

Ife zikutikhudza pati?

Mwina mukuti, "Amayi a nesi, za ku Canada ife zitithandiza chiyani?" Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Makampani ambiri ofufuza miyala padziko lapansi ali ndi maofesi awo ku Vancouver, mzinda waukulu wa British Columbia, ndipo Mkango Resources, imene ikukonzekera mgodi pa phiri la Songwe ku Phalombe, ndi kampani ya ku Canada. Sindikuineneza kanthu. Ndikungonena kuti mwambo umene makampani a migodi amazolowera kwawo, wofunsa kapena wosafunsa eni malo, ndi umene amayenda nawo kunja. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato si' ya 2015, anaphunzitsa kuti pa ntchito zikuluzikulu zokhudza nthaka yawo, eni nthaka ndiwo ayenera kukhala oyamba kukambirana nawo.

Choncho mlendo akadzafika m'mudzi mwanu ndi mapepala, kaya ndi wa mgodi, wa esiteti kapena wa damu, kumbukirani fomu ya ku thiyeta. Pitani ku msonkhano, musangotumiza abambo. Funsani kuti ntchitoyo itenga malo ati, madzi a pachitsime ndi a mumtsinje adzakhala otani, manda adzatani, chipukuta misozi ndi chotani ndipo adzalandira ndani. Pemphani kuti zonse zifotokozedwe m'chilankhulo chanu, ndipo mupatsidwe masiku okaganiza. Funsani amene akusaina m'dzina lanu ngati anakufunsani inu eni mbumba. Safunsa anadya phula. Ndipo tsiku limene ana anu adzakwiye n'kutola miyala kupita kumsewu, mudzapite nawo kuti mukaonetsetse kuti ambulansi yadutsa.

Mtsikana wanga uja ndinamuyankha kuti auze anzake a pa tiyi kuti mphunzitsi wake wakale, amene anakulungapo mwana wakufa chifukwa cha msewu wotsekedwa, akuti lamulolo likhale, ndipo boma lizilitsatira anthu asanafike potseka msewu. Anandiyankha kuti mawa lake ali ndi mayi wa mtundu wa Gitxsan pa mndandanda wa opaleshoni, ndipo akhala naye pansi nthawi yokwanira asanamupatse cholembera.